Mayi Yisiti

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, kophikira buledi kumene anakanda ufa kuyambira ali mtsikana mpaka imvi kumera. Pa mafanizo onse a Yesu iwo ankakonda limodzi basi, la mayi amene anabisa yisiti pang'ono mu ufa wambiri, ufa wonsewo n'kutupa. Ukadandaula za bwana, yisiti. Ukadandaula za kukwera kwa mitengo, yisiti. Anyamata a pa uvuni ankaseka kuti ngakhale dzino likuwawe, mankhwala a mayiwa ndi omwewo.

"Dziko silisintha ndi phokoso," ankatero. "Umalowa m'kati, n'kukhala phee, n'kudikira."

Sankalankhula zongomva. Kunyumba anali ndi mwamuna wa nkhonya. Mchere ukachepa mu ndiwo, mbama. Madzi osamba akazizira, mbama. Anapirira zaka zonsezo, akubisa zipsera ndi mpango, akukhulupirira kuti tsiku lina mtima wa bamboyo udzafewa. Bamboyo anamwalira ali yemweyo. Pamaliro anthu anatama mayiwa kuti ndi chitsanzo cha banja, ndipo tisabise, mawuwo anawakomera.

M'mawa wina, manja ali mu ufa, anawaitana kukhomo lakuseri. Anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna. Khanda lili kumbuyo, diso lakumanzere litatupa mpaka kutsekeka.

"Amuna anga andimenyetsa pachitseko, mayi. Ndipo aka si koyamba," anatero mtsikanayo. "Nditati ndikupita kwathu, anaseka. Akuti, amayi anga anapirira zoposa izi koma sanafe, iwe ndiwe ndani? Ndiye ndabwera mundiphunzitse. Inuyo munkatani?"

Yankho linafika lokha pakamwa, lomwe lija la masiku onse. Mwana wanga, lowa m'kati, khala phee, dikira. Koma asanalitchule, anatembenukira patebulo pamene ufa wokanda unkatupa pansi pa nsalu, ndipo anagwidwa ndi mantha. Zaka zonsezi ankayesa kuti yisiti m'nyumba muja anali iwo okha. Anali ataiwala kuti mwamuna wawo nayenso ankathira zake, tsiku ndi tsiku, mwana akuonera kuseri kwa chitseko. Ndipo iwo, ndi kukhala chete kwawo, ndi amene ankavundikira nsalu kuti zitupe bwino.

Anasamba m'manja, anavula epuloni ntchito ili pakati, chinthu chomwe sanachitepo chiyambire, ndipo analandira khandalo. Anamutengera mtsikanayo kuchipatala, kenako kunyumba kwawo, n'kumuyalira pabedi lawo.

Masana mwana wawo anafika, malaya osita bwino, nkhope ndendende ya bambo ake. Mayiwo anaima pakhomo. Ankamukonda mwanayu, ndipo n'zimene zinkawapweteka kwambiri.

"Amayi, mkazi wanga ali muno?"

"Ali muno, ndipo satuluka."

"Mukufuna kundipasulira banja? Si inu nomwe mumati munthu azidikira? Inu munadikira."

"Ndinadikira, mwana wanga," anatero mayiwo. "Chimene ndinadikira ndi ichi chaima pakhomo pangachi."

Anatseka chitseko n'kukhoma. M'kati khanda linayamba kulira, ndipo anapita kukalibereka kuti amayi ake agoneko.