Ine Ndangodutsamo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinachotsetsa bambo anga ntchito. Iwo mpaka tsiku lomwalira sanandiloze chala, koma ine ndikudziwa amene anatsegula chitseko tsiku limenelo.

Tinkakhala ku Chinyonga, m'nyumba ya zipinda ziwiri pafupi ndi mpopi wa madzi. Zipani zambiri zinali zitabwera, ndipo m'mbuyo mwake munatsatira mawayilesi atsopano, osakhala a boma. Inu amene munabadwa mawayilesi ali mbwee simungamvetse misala imene inatigwira. Tinakula tikumva wayilesi imodzi yokha, yoyankhula ngati ahedi pa asembule. Kenaka tinangomva anthu wamba akuimba foni, kudandaula za maenje a mumsewu, kudzudzula ngakhale nduna, mawa lake n'kudzuka ali kunyumba kwawo bwinobwino.

Pa wayilesi ina yatsopano panali muulutsi amene ankadzitchula kuti Mbale Wanu. Ine ndinkamukonda kuposa amalume anga enieni. Mawu ake anali onona, ndipo pulogalamu yake ikamayamba ankati, "Yankhulani, nthawi ya mantha inatha." Mabatire akafooka ndinkawaika padzuwa kuti ndisamuphonye. Masana wayilesiyo inkayankhula Chingelezi cha azungu chokhachokha, ndipo ine m'kupusa kwanga ndinkaganiza kuti Mbale Wanu ali ndi anzake achizungu amene amamulandira akapita kukadya.

Bambo anga ankagwira ntchito yolongedza katundu m'sitolo ina yaikulu ya holoselo ku Limbe. Anali atakhalako kuyambira ine ndisanabadwe. Sanali munthu wolongolola, koma anali ndi kamawu kawo. Akanena chinthu chowawa, kaya kunyumba, kaya kutchalitchi, kaya kuntchito, ankamaliza ndi kukweza manja n'kunena kuti, "Koma ine ndangodutsamo." Anthu ankaseka, mkwiyo n'kutha. Kamawu kameneka kanali chishango chawo, ndipo aliyense wowadziwa ankakadziwa.

Loweruka lina madzulo ndikutunga madzi, panaima galimoto yolembedwa dzina la wayilesi ija. Munatuluka bambo wamfupi, wa nsapato zosongoka, atakolekera chojambulira mawu paphewa. Atangoti "Muli bwanji amayi," ndinazindikira mawuwo. Ndowa inasefukira ine ndili kukamwa yasa. Anati akufuna anthu ogwira ntchito m'masitolo a ku Limbe kuti anene mavuto awo. Amayi onse pampopi anayang'ana kumbali. Akuluakulu aja ankadziwa kanthu. Ine, wanzeru za m'kalasi, ndinakweza dzanja.

"Adadi anga amagwira ku Limbe! Tiyeni ndikuperekezeni."

Bambo anali pakhonde akusoka nsapato yanga ya kusukulu. Anamulandira mlendoyo mwaulemu, koma atamva chimene wabwerera anapukusa mutu.

"Achimwene, ine ndili ndi ana."

"Bambo, dzina sititchula," anatero Mbale Wanu. "Tingoti bambo wina. Ndani angakudziweni? Blantyre ndi wamkulu."

Ine ndinawagwira bondo. "Adadi, yankhulani. Nthawi ya mantha inatha." Ndinawauza mawu a mwini wake, iye ali pomwepo akumwetulira.

Anayankhula. Ananena zoti madzulo alionse amasechedwa pachipata ngati akuba, munthu wa imvi kuvulidwa nsapato pamaso pa anyamata ongoyamba kumene ntchito. Ananena zoti nthawi ya nkhomaliro amatsekeredwa m'nyumba yosungira katundu, loko kunja, moti kutabuka moto onse angapsere momwemo. Sindinawamvepo akuyankhula motalika chonchija. Pomaliza anachita mantha ndi mawu awo omwe, anakweza manja n'kuseka pang'ono.

"Koma ine ndangodutsamo."

Lolemba madzulo pulogalamu inaulutsidwa. Mbale Wanu anasunga lonjezo lake ndithu: anati "bambo wina wa ku Chinyonga." Koma kamawu kaja anakasiya momwemo. Amayi anga, amene ankasenda mbatata, anaika mpeni pansi.

"Bambo a Tiya, ndi kamawu kanuka mwasaina kalatatu apa."

Lachiwiri bambo anabwerako nthawi ya teni m'mawa, ovolosi yawo ili m'jumbo. Mwini sitolo sanakalipe n'komwe. Anangowauza pachipata kuti, poti iwo ndi munthu wongodutsa, adutse.

Chimene chinatipweteka kwambiri chinabwera pambuyo. Kamawu kaja kanawasangalatsa a wayilesi. Anakadula, n'kukaika pakati pa ng'oma ndi malipenga, kakhale koitanira anthu ku pulogalamu ya Mbale Wanu. M'mawa, madzulo, nkhani zikangotha: "Koma ine ndangodutsamo!" kenaka phokoso la anthu oseka. Za loko zija sanazibwerezenso. Makondakitala a minibasi anakatola. Anzanga kusukulu ankandiimbira. Bambo akapita kukafunsa ntchito m'masitolo ena, akangotsegula pakamwa, akapitawo ankayang'anana. Limbe yense anawadziwa mawu, ndipo palibe amene ankafuna wantchito woyankhula pa wayilesi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Patatha milungu itatu bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi nati ndiwaperekeze ku wayilesiko, akapemphe kuti mawu awo achotsedwe. Ine ndinali ndi chikhulupiriro chonse. Ndinkati Mbale Wanu sakudziwa chabe; akamva, alira nafe, aitanitsa mwini sitolo uja pa wayilesi, amuchititsa manyazi dziko lonse likumva.

Tinafika masana. Inali nyumba wamba m'tauni, kuseri kwake kuli chimbale chachikulu choyera chitayang'ana kumwamba. Mlonda anatilowetsa atatiumitsa padzuwa kanthawi. M'katimo mzungu ankayankhula pa sipika, kufotokoza za chipale chofewa chimene chatseka misewu kwawoko. Ndinasuzumira pa galasi la situdiyo kuti ndimuone. Munalibe munthu. Mpando unali wokankhidwira kumbali, zomvera za m'makutu zili pa tebulo, botolo la fanta lopanda kanthu pambali pake. Mnyamata mmodzi yekha anakhala panja pa galasilo akudya chimanga chootcha.

"Nanga akuyankhulawo ali kuti?" ndinafunsa.

Anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe, ameneyo ali kutsidya kwa nyanja. Tili pa satelaiti. Masana onse timangolumikiza basi, n'zotchipa kusiyana ndi kulemba anthu."

Bambo anafotokoza chimene tabwerera. Mnyamatayo anati iye za mapulogalamu sizimukhudza, tidikire eni ake. Tinadikira pa benchi mpaka dzuwa kupendeka, mzungu uja akutiuza za mitengo ya zinthu m'mizinda imene sitidzaiona.

Mbale Wanu atalowa anatidutsa osatizindikira. Bambo anaimirira, chipewa m'manja, nayamba kudzifotokoza. Asanamalize, nkhope ya mkuluyo inawala.

"Aaa! Ndinu a Ndangodutsamo! Bambo, mwatchukatu inu! Tanenaninso kamodzi, anyamata amve."

"Achimwene, ntchito inatha. Ndapota nanu, chotsani mawu angawo."

"Pepani kwambiri, zimachitika. Koma dzina sitinatchuletu, eti? Nanga kuchotsa, anthu akukakonda kwabasi. Tiona, tiona." Anayang'ana wotchi, nalowa mu situdiyo, natseka chitseko chokhuthala chija. Nyali yofiira inayaka. Pa sipika panamveka ng'oma, malipenga, kenaka mawu a bambo anga, iwo ali chiimire pamenepo ndi chipewa m'manja. Atangotha, panabwera uthenga wamalonda: sitolo ija ya ku Limbe, katundu wotchipa, thamangirani. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake za loko sizinamvekenso.

Tinabwerera wapansi. Ine ndinkalira njira yonse, kudikira kuti andikalipire, ngakhale kundimenya kumene, kuti mwina mtima ungapepuke. Sanatero. Tili pafupi kufika anangoti:

"Tiya, wamuona mzungu uja?"

"Ayi, kunalibe."

"Iye akudziwa kuti kuli Chinyonga?"

"Ayi."

"Mbale Wanu uja ndi chimodzimodzi, kungoti amayankhula Chichewa. Wayilesi ili ndi pakamwa pokha, mwana wanga. Makutu ndi athu."

Mawu awo anaulutsidwabe mpaka a wayilesi atapeza china choseketsa. Bambo anayamba kusoka nsapato pansi pa mtengo pafupi ndi msika, ndipo ine sukulu ya sekondale ndinaiyamba mochedwa ndi chaka chathunthu. Koma chimene sindinakhululuke si chimenecho. Kuyambira tsiku lija bambo sananenenso kamawu kawo. Ndipo poti ndi kamene kankawapatsa mpata wonena zowawa, anasiyanso kunena zowawazo. Pa misonkhano ya banja ankangogwedeza mutu. M'nyumba mwathu munachepa kuseka.

Lero mawayilesi achuluka kuposa mipingo, ena a pano, ena ogwa kuchokera kumwamba, ndipo onse akutiitana kuti tiyankhule. Sindinena kuti tibwerere ku wayilesi imodzi, ndinaimva, sindiisowa. Koma ndikamva muulutsi akuti "bambo wina amene sanafune kutchulidwa dzina," ndimazimitsa kaye, n'kudzifunsa kuti ana a bambo ameneyo adya chiyani mwezi wamawa. Zinanditengera zaka kuti ndione kuti bambo anga ankanama ndi kamawu kaja. Iwo sankadutsa. Anali ndi nyumba, mkazi, ana, ndi chipata chimodzi choti alowepo m'mawa uliwonse. Amene anangodutsamo ndi uja wa nsapato zosongoka. Ife tinatsala.