Nyemba Imodzi ya Azimayi a ku Chowa

Uthenga unandipeza pa msika wa Chowa, ndikuunjika tomato anayianayi, dzuwa lili paliwombo. Amake Juliyasi, mlembi wa kalabu yathu, anabwera chothamanga, duku lili m'manja, mpweya uli m'mwamba. Anati azimayi akhala pansi, asankha, ndipo asankha ine Agata, mkazi wa malemu Mwanza wa ku njanji, kuti ndipite ku Lusaka ndikaponye voti yawo. Ine amene dzina langa ndimalemba lilime lili panja. Ndinasiya tomato, ndinavina pakati pa matebulo, ndinavina ndithu mpaka wogulitsa kapenta anandikalipira kuti ndikumuthirira fumbi.

Inu abale a ku Petauke amene simunakwerepo sitima, imvani kaye chimene chinandituma. Kalabu yathu ndi ya azimayi a pamsika, timasunga ndalama pamodzi, timabwereketsana. Makalabu otere ali m'dziko lonse, ndipo onse ali ndi mayi wawo ku Lusaka, bungwe lalikulu. Nalonso bungwelo lili ndi mayi wake kutsidya kwa nyanja, amene anapereka mbewu yoyambira. La ku Lusaka limayendetsedwa ndi komiti ya anthu asanu ndi awiri, onse amuna, onse a mataye. Iwowo ndiwo anaika lamulo lakuti mkazi asabwereke popanda mwamuna wake kusaina. Nanga ife amasiye? Wanga anagona kale, ndikamudzutse kuti asaine? Chaka chimenecho mpando umodzi wa m'komitimo unatseguka, ndipo Mayi Daka, mphunzitsi wopuma wa ku Katete, wamasiye mnzathu, anaima. Azimayi anandiuza mawu amodzi chabe: voti yathu ikafike kwa Mayi Daka, isakataike m'njira.

Lachinayi ndinanyamuka tambala atangotsika. Mpongozi wanga anakankha njinga, thumba lili pa kaliyala, ine pambuyo ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Pa chipata cha siteshoni panaima a chipani, akufunsa makhadi a chipanicho. Langa ndinali nditalimanga pa nsonga ya chitenje ndi mfundo zitatu, ndipo mfundo zinakana. Ndinamasula ndi zala, ndinamasula ndi mano, mzere kumbuyo kwanga ukung'ung'udza, mpaka mmodzi wa iwo anatopa nati, "Pitani ambuya, mfundo yotere samangira chinthu chabodza." Tikiti ya kalasi yachitatu ndinagula makwacha awiri ndi mangwe makumi awiri.

Seveni koloko sitima inalira, inagwedezeka, inayamba. Zaka zonse zija mwamuna wanga ankamenya nyundo pa njanji imeneyi, ine ndinkangoiona ikupita, lero ndinali m'mimba mwake. Phiri lakuda la mgodi linatsalira, nyumba za njanji zinatsalira, mitengo inayamba kuthamangira m'mbuyo ngati yaona mkango. Benchi inali ya thabwa louma, koma ine ndinakhalapo ngati mkwatibwi.

Woona matikiti anali a Chileshe, amene ankagwira ntchito ndi malemu. Anandiyang'ana kuyambira duku mpaka nsapato.

"Amake Velonika, mwatchena chonchi mukupita kukakwatiwa?"

"Ndikupita kukasankha akuluakulu."

"Inu? Sukulu munapita liti?"

"Tsiku lomwe inu munagula sitimayi."

Anaseka mpaka chipewa chinapendekeka, naboola tikiti yanga kawiri, akuti bowo lachiwirilo ndi la malemu.

Pa Chisamba tinaima nthawi yaitali kudikira sitima ya katundu idutse. Azimayi anadza m'mawindo ndi mazira ophika, chimanga chowotcha, chakumwa cha munkoyo m'mabotolo. Ndinagula dzira limodzi mangwe asanu, mchere wake m'kapepala. Pafupi nane panakhala mayi wachilenje ndi nkhuku ziwiri m'dengu. Chinyanja chake chinali chochepa, Chilenje changa chinali chochepa, koma tinagawana chimanga ndipo tinamvana. Nditamuuza za lamulo la kusaina, anagwira pakamwa, nati wake ali moyo koma ndiye woopsa koposa wakufa, chifukwa akasaina amafuna theka.

Lusaka tinalowa dzuwa litakwera, cha m'ma leveni. Nyumba pamwamba pa nyumba, pamwamba pake nyumba inanso, ndipo anthu akutuluka m'menemo osagwa. Msewu waukulu ndinawoloka nditagwira jekete la bambo wina wosamudziwa, iye osadziwa kuti akukoka gogo. Kabasi kanatenga mangwe makumi awiri, kananditula pa chipata cha holo ya mishoni kumene kunali msonkhano. Anatipatsa tiyi wamkaka ndi mabanzi opaka majarini, ndipo pamenepo ndinamuona Mayi Daka: wamfupi, wa magalasi, duku lobiriwira, mawu ake ofatsa ngati akuphunzitsa ana a giredi wanu. Ndinamuuza kuti Chowa yonse ili m'thumba langali.

Thu koloko tinalowa. Tinali nthumwi zambiri, a ku Mongu, a ku Mansa, a ku Choma, a ku Chipata, ndipo ambiri tinali azimayi a misika ndi a minda. Kutsogolo kunakhala Tcheyamani ndi komiti yake. Pambali pake panali dona wachizungu wochokera ku bungwe la kutsidya kwa nyanja, tsitsi loyera, womasulira ali kukhutu kwake. Donayo analankhula za utsogoleri wabwino, analankhula za malamulo, Chizungu chinayenda ngati madzi a mumpopi, ine ndinkangotolako apa ndi apo. Kenako Tcheyamani anati oima ndi awiri: Mayi Daka, ndi Bambo Mulenga, mnzake wa Tcheyamani wa ku ofesi.

Anagawa timapepala. Aliyense alembe dzina la amene akumufuna. Amene sadziwa kulemba apite kutsogolo, akanong'oneze akalaliki, amulembere. Koma akalalikiwo anali a mu ofesi ya Tcheyamani, ndipo tebulo lawo linagundana ndi lake. Woyamba kupita anali gogo wina wa ku Mansa. Anafika, anayang'ana kalaliki, anayang'ana Tcheyamani, Tcheyamani namumwetulira. Gogoyo anagwetsa maso nati alembe okha amene aona kuti ndi woyenera. Wachiwiri anatero. Wachitatu anatero. Munthu wamkulu akukuyang'ana, iwe wamudyera mabanzi ake, ungatchule dzina la wina pamaso pake? Ndinaona voti ya azimayi a ku Chowa ikutaika, osati m'njira ayi, koma pakhomo penipeni.

Ndinafuna kulankhula. Kwathu munthu akafuna kulankhula kwa akuluakulu amagwada, ndiye ndinatuluka pa mpando, ndinagwada pakati pa kanjira, ndinayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Sindinadziwe kuti kumeneko amatukula mkono ngati ana a sukulu. Tcheyamani ankayang'ana mikono m'mwamba, ine ndili pansi. Ndinawomba, ndinawomba, maondo akulira pa simenti. Amene anandiona ndi dona uja. Anadzidzimuka, ananyamuka ndi kapu ya madzi, akuyesa kuti gogo wakomoka. Holo yonse inaseka. Womasulira anamuuza kuti mayiyu sakudwala, akupempha mawu. Dona anayang'ana Tcheyamani, ndipo Tcheyamani analibe kothawira.

Madziwo ndinamwa ndithu. Ndiye ndinati:

"Atcheyamani, ife ana anu pepala silitidziwa. Kunong'oneza munthu ndiye kuti chinsinsi chatha. Ku Chowa timasankha ndi nyemba."

Anandifunsa kuti nyemba zimasankha bwanji. Ndinafotokoza monga timachitira. Timapachika chitenje pa ngodya. Kuseri kwake timaika zitini ziwiri zotseka, chilichonse ndi kabowo pamwamba. Woima aliyense amaika chinthu chake pa chitini chake, kuti ndi wosaphunzira yemwe azindikire. Munthu amalandira nyemba imodzi, amalowa yekha, amaponya, amatuluka manja ali poyera. Ndipo pansi pa chitini timayala kansalu, kuti nyemba ikagwa isalire, anthu panja angamve kuti yagwera kumanja kapena kumanzere. Kansaluko tinakaphunzira ndi misozi, chaka china azimayi awiri atasiya kupatsana moto chifukwa cha kulira kwa nyemba.

Tcheyamani anati uwu ndi msonkhano wa dziko lonse, si chilimba chosonkherana ndalama pamsika. Bambo wina wa ku Mongu, wamtali ngati mlongoti, anaimirira nati iye ali ndi satifiketi, koma amayi ake amene anayambitsa kalabu yawo alibe, ndipo sangakonde kuti anong'oneze munthu. Dona anatsegula kabuku ka malamulo, anawerenga, anawerenganso, nati malamulo akunena kuti voti ikhale yachinsinsi, za pepala sakutchula. Anafunsa holo. Mikono inakwera, ndi wanga womwe, popeza tsopano ndinali nditaphunzira.

Ophika a ku khitchini anabweretsa nyemba za kabulangeti ndi zitini ziwiri za mkaka. Chitenje chinali changa, chimene ndinavala pamwamba. Tinsalu tinang'amba pa mpango wanga. Bambo Mulenga anaika chipewa chake pa chitini china, Mayi Daka anavula duku lobiriwira naika pa chinzake, imvi zake zili poyera, osachita manyazi. Timapepala tija anating'amba, tonse tinayambanso. Gogo wa ku Mansa analowa, anatuluka, podutsa pa ine ananditsina pa mkono osandiyang'ana. Tcheyamani nayenso anafola pa mzere ndi nyemba yake m'manja, taye ili pakhosi. Itafika nthawi yanga ndinalowa, ndinaipsompsona nyembayo, ndinati pita mwana wa ku Chowa, ndipo inagwa mwakachetechete.

Anakhuthula zitini pa tebulo, aliyense akuona. Anawerenga mokweza, imodzi imodzi, dona akusuntha ndi chala. Milu iwiri inakula pamodzi ngati mapasa. Mulu wa chipewa unatha. Wa duku unatsala ndi nyemba zinayi. Nthungululu yanga inafika padenga, a ku Choma anailandira, a ku Chipata anaionjezera. Tcheyamani anadzuka, anakoka mpando wachisanu ndi chiwiri ndi manja ake, Mayi Daka nakhalapo. M'mawu ake oyamba anapempha kuti lamulo la kusaina likhale loyamba kukambidwa komiti ikakhala, ndipo mlembi analemba ife tikuona.

Tinagona ku mishoni komweko. Lachisanu ndinabwerera pa basi, makwacha awiri ndi theka, kudzera Katuba ndi Liteta, ndikuimba chamumtima njira yonse. Ndinkaganiza kuti bungwe lalikulu chonchi, la mayi wake kutsidya kwa nyanja, amaliyendetsa ndi odziwa Chizungu okha. Ayi. Limafunanso wodziwa chimene gogo amaopa akaima pamaso pa munthu wa taye. Lamulo lija silinagwe tsiku lomwelo, koma m'chipinda chimene amalisungira muli wathu tsopano, ndipo ali ndi pakamwa.

Ndinatsika m'tauni, ndinafika ku Chowa dzuwa likupendeka, ndinapeza pabwalo panga palibe poponda. Anabwera Amake Juliyasi ndi azimayi a kalabu: Amake Dalesi, Amake Pasikale, Atisiyenji, Anyatembo a makala, Esinati ndi mng'ono wake Losaliya. Ku Natuseko kunachokera Amake Benadeta ndi apongozi awo, ku Nakoli kunachokera bana Mwaba ndi bana Chilufya, amasiye anzanga. Anabwera akatekisiti a Lungu ndi akazi awo, anabwera a Sakala a njinga, anabwera Velonika mwana wanga ndi amuna ake, adzukulu anga Mateyo, Sesiliya, Fulolensi ndi Agata wamng'ono wa kumsana. Anabwera ndi Ambuya Nyazulu, amene sanatuluke m'nyumba chiyambire dzinja, atawanyamula pa mpando, kuti amve ndi makutu awo.