Mkondo Unatsala Pansi pa Mango

Ndinene zoona. Tsiku limene abale anga anakonza uzimba wa nguluwe yomwe inkatha chinangwa chathu ku Mpamba, mwana wanga Kondwani sindinamutenge kuti aphunzire kusaka. Ndinkangofuna chifukwa chotsalira kumbuyo.

"Inu tsogolani ndi agalu," ndinawauza achimwene. "Ine ndiziyang'anira mwanayu."

Nguluwe sinalabadire nzeru zangazo. Inatulukira kumbuyo komweko, ikufwenthera, mano ali pamtunda. Kondwani ndinamukweza pa nthambi ya mtengo wa mango, mkondo n'kuutaya. Mmene ndinakwerera ineyo sindidziwa.

"Ada, iyo! Ibayeni!" anakuwa mwanayo m'munsi mwanga, akuwomba m'manja.

"Ndikuiyang'ana kaye bwinobwino," ndinatero, nditakumbatira nthambi.

Anaipha ndi achimwene. Pobwerera ndinamugulira Kondwani mandasi kuti atseke pakamwa, iye n'kuvomera ndi mutu ngati munthu wamkulu.

Tikudya nyamayo ndi kondowole, banja lonse lili pamphasa, mwanayo anaimirira, chifuwa chili patsogolo.

"Ada anga palibe owaposa! Mumtengo muja anafika pamwamba kuposa ine!"

Mpaka lero achimwene akamagawa nyama amandifunsa ngati yanga andibweretsere mumtengo.