Chiwaya cha a Lamu

Ntchito ya kwa a Lamu anandipezera ndi atsibweni anga, amene ankayendetsa lole ya fodya pakati pa Lilongwe ndi Chipata. Ndinali nditangosiya sukulu, ndili kwathu ku Kapondo, ndikusoka fodya m'zigafa za eni ake. Tsiku lina anangofika n'kunena kuti, "Esinati, manga kathumba kako. Mtchaina wa pa boma akufuna mtsikana wa kukhitchini. Koma ukamvere zimene akukuuza, nzeru zakozo uzisiye konkuno."

Amayi anakana, ati Atchaina amadya achule. Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, ine ndadya kumeneko zaka zonsezi. Mwandionapo ndikudumphadumpha?"

Malo odyera amenewa lero ali ku Lilongwe, akuyendetsa ndi mdzukulu wa a Lamu, ndipo kumapita anthu a mataye. Ana a masiku ano amayesa anayambira komweko. Iyayi. Anayambira kuno ku Mchinji, m'mbali mwa msewu wa kumalire, m'kanyumba ka malata, boma lathu likutchedwabe Fort Manning. Chikwangwani panalibe. Anthu ankangoti "kwa Lamu," ndipo dzinalo analifalitsa ndi madalaivala. Munthu ankachoka ku Lusaka osadya panjira, kusungira mimba mpunga wokazinga wa kwa Lamu.

A Lamu anali nkhalamba yowonda, yosalankhulalankhula. Anabwera pa sitima ya pamadzi kudzera ku Beira ali mnyamata, ndipo katundu wamkulu amene anatenga kwawo anali chiwaya cha bambo awo. Chinali chachitsulo, chakuya ngati beseni, cha makutu awiri, chakuda bii mkati monse. Tsiku loyamba nditachiona, manja anandiyabwa. Ine mwana wa Chichewa, amene ndinaphunzitsidwa kuti poto wosawala ndi manyazi a mkazi, ndinayamba kuyang'ana kumene kuli mchenga. A Lamu anandiona m'maso n'kundigwira dzanja.

"Madzi otentha basi," anatero m'Chinyanja chawo chothyokathyoka chimene anatola kwa madalaivala. "Sopo ayi. Phulusa ayi. Mchenga ayi, ayi, ayi."

Anandionetsa okha katsukidwe kake. Chakudya chikangochoka, chiwaya chikadali chotentha, umathiramo madzi owira n'kupalamo ndi kaburashi ka nsungwi. Ukataya madziwo umachibwezera pa mbaula kuti chiume, kenaka umachipaka mafuta pang'ono ndi kansalu. Kudako sikunali litsiro. Anali mafuta amene anapserera ndi kulowerera m'chitsulo kuyambira nthawi ya bambo awo, mpaka mkati munasalala ngati botolo. Dzira ukaliswera m'menemo linkangotsetsereka. Kafungo ka utsi kamene madalaivala ankakafera kankachokera m'kuda komweko.

Ntchito yanga inayamba ndi kukoleza makala ndi kupukusa mvukuto mpaka moto ulire. Mpunga tinkaphika lero wa mawa, n'kuuyala pa malichero kuti uume, chifukwa wotentha umamatana. Anyezi, adyo ndi jinja ndinkadula ndi chimpeni chachikulu chokhala ngati nkhwangwa, ndipo zala zanga zinaonako zakuda ndisanachizolowere. Pokazinga, chiwaya chiyambe chafuka utsi, ndiye mafuta, dzira, mpunga, msuzi wakuda wa soya wothira m'mbali osati pakati, uku chipande chachitsulo chikugogoda osapuma. M'kupita kwa nthawi a Lamu anayamba kundisiyira chipandecho masana anthu akachuluka. Sankayamikira ndi pakamwa. Akalawa n'kungochokapo osanena kanthu, ndinkadziwa kuti ndakhoza.

Mavuto anabwera pamene akazi awo a tcheyamani wa chipani anatsegula malo awo odyera kutsidya kwa msewu, moyang'anana nafe. Anapaka laimu, anagula mipando yatsopano, koma malole ankaimabe kwathu. Kwawoko kunkangolowa ntchentche. Inu amene munabadwa zipani zitachuluka simungadziwe kuti zimenezi zinkatanthauza chiyani. Mlendo ngati a Lamu, wa chipani akangomunenera kuti wanyoza boma, ankamukweza galimoto n'kukamutula kuseri kwa malire ndi zovala za m'thupi zokha. Ndipo malirewo sanali kutali.

Anabwera masana, tsiku la msonkhano wa chipani, m'nyumba mutadzaza madalaivala. Anali ayufi a chipani, a malaya ofiira, wowatsogolera ali Kamtedza. Kamtedza ameneyu tinkamudziwa tonse, ankagulitsa nzimbe pa depoti asanavale malayawo. Koma galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Anayamba ndi makhadi a chipani, aliyense anatulutsa lake. Anayang'ana chithunzi cha mtsogoleri pakhoma, anapeza chili pamwamba pa zonse, chopukutidwa bwino. Anayang'ana siketi yanga, inali yobisa mawondo. Anayang'ana tsitsi la madalaivala, lonse lometa. Atasowa chogwira, anakankha chitseko cha kukhitchini.

Kamtedza anatuluka atanyamula chiwaya chija m'makutu, n'kuchiimika pa tebulo pamaso pa anthu.

"Taonani, anthuni! Mtchainayu akudyetsa Amalawi m'chimbudzi ichi. Chinatsukidwapo chiyambire?"

A Lamu anatenga kansalu koyera, anapukuta mkati mwa chiwaya mwamphamvu, n'kukaonetsa kansaluko. Kanali koyerabe mbee.

"Ndiye ukutsutsa chipani?" anatero Kamtedza. Mawu ake anatsika. "Chiwayachi chiwale lero lomwe, apo ayi ukagona ku Zambia." Kenaka anandiloza ine. "Iwe, amako sanakuphunzitse kukwecha mapoto? Tenga mchenga."

Ndinayang'ana a Lamu. Ndinkafuna akane, ndinkafunanso asakane. Anati, "Tsuka, mwana wanga."

Ayufi aja anandigwaditsa panja, m'mbali mwa msewu, dzuwa lili paliwombo. Wina anatapa mchenga wa m'ngalande, wina anandiponyera chibenthu cha njerwa. Ndinayamba kukwecha. Abale inu, chinthu chija chinali cholimba. Poyamba mchenga unkangoterereka, ngati chiwayacho chikukana. Kenaka chinayamba kukalika, madzi akuda n'kumatsikira m'zigongono mwanga. Ndikati ndapuma, Kamtedza ankagunda chiwaya ndi nsapato. "Apa pakadali." Zikhadabo zinathyoka, zala zinatuluka magazi, ndipo ndinkalira poyera, osabisa.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si Kamtedza yekha ayi. Anthu anasonkhana, amayi ochokera kumsonkhano atavala nsalu zawo za chipani, ena ondidziwa, a kwathu komwe. Chitsulo chitayamba kuoneka, anayamba kundichemerera, ndipo ankachemerera ndi mtima woona. "Eya, mwana wolangizidwa uyu! Taonani mmene chayeretsedwera!" Mayi wina mpaka analuluta. Iwo ankaona mtsikana wakhama akutsuka poto wauve. Ine ndinkadziwa kuti ndikufafaniza ndi manja angawa ntchito ya a Lamu ndi ya bambo awo. Ndikanawafotokozera bwanji, ayufi ali chilili pamutu panga? Asa!

Chitawala waliwali, Kamtedza anakhala pa mpando nati, "Tsopano tiphikireni mpunga wotchukawo."

A Lamu anaphika okha. Ndinapukusa mvukuto, iwo anathira mafuta ochuluka kuposa masiku onse, koma sizinathandize. Dzira linakakamira pomwepo. Mpunga unamatirira pansi n'kuyamba kupserera, wapamwamba usanatenthe n'komwe. Chipande chinkapala ngati khasu pa nthaka youma. Zimene zinafika pa mbale zinali phala lonunkha chitsulo. Kamtedza analawa kamodzi n'kulavulira pansi.

"Ndi zimenezi mumaimitsira malole? Pitani kutsidyako mukadye chakudya cha anthu."

Anatuluka akuseka. Madalaivala ambiri anatuluka pambuyo pawo, mitu ili pansi, ndipo sindiwada, aliyense anali ndi ana. Anatsala a Saidi okha, bambo wachisilamu amene ankanyamula feteleza. Anakoka mbale ija Kamtedza anaisiya, anachotsa pamene panakhudza supuni yake, n'kudya mpunga wopsererawo mpaka kutha. Atasamba m'manja anati, "Bambo Lamu, mawa ndibweranso."

A Lamu sanawathamangitse m'dziko, ndipo chifukwa chake ndi mchenga umenewo. Madzulo omwewo a Lamu anaika chiwaya pa moto mpaka chinasanduka chobiriwira, n'kuyamba kukazingamo masamba a anyezi ndi mafuta, kutaya, kukazinganso, kutaya. Ndinawafunsa kuti chidzabwerera liti mwakale. Anati, "Ine sindidzaona." Mwezi wonsewo chakudya chinali chosakoma, ndipo a Saidi ankabwerabe, kudzadya zosakomazo ndi anzawo amene ankawakoka. Pang'onopang'ono chiwaya chinayamba kuda, malole n'kuyambanso kuima. Koma a Lamu akalawa ankapukusa mutu.

Patapita zaka zingapo boma linalamula kuti amalonda ochokera kunja achoke m'maboma ang'onoang'ono apite m'mizinda. Umo ndi mmene malo aja anafikira ku Lilongwe. Kumeneko mwana wawo anawagulira ziwaya zatsopano, ndipo chakale chija anandisiyira ine. Asananyamuke, a Lamu ananditengera pambali n'kundionetsa pansi pake, pamene njerwa inadya kwambiri chitsulo n'kupyapyala. "Apa moto pang'ono," anatero. Sanatchule za tsiku lija, ngakhale kamodzi. Anamwalirira mumzindamo. Ndinapitako ulendo wina, mdzukulu wawo anandilandira bwino, n'kumandiuza monyadira kuti chakudya chawo sichinasinthepo kukoma chiyambire nthawi ya agogo. Ndinangomwa tiyi wanga.

Ine ndinatsegula kanga kamalo pafupi ndi chipata cha malire, ndipo ndakalambira pa chiwaya chomwecho. Chinadanso bii. Mpongozi wanga atangobwera kumene anachiyandikira ndi mchenga, ndinakuwa mpaka anthu anathamanga kuyesa kwagwa ngozi.

Zipani zitachuluka, tsiku lina kunabwera mkulu wina wa imvi, jekete yong'ambika m'khwapa, akukankha njinga ya makala. Anaitanitsa mpunga. Ndinamuzindikira asanakhale n'komwe pansi. Ndinamuphikira bwinobwino, monga ndinaphunzitsidwira, chifukwa chiwaya chimenechi sichiphika zachipongwe. Anadya mpaka kunyambita supuni.

"Mayi, mpunga uwu ndiye mpunga. Chinsinsi chake n'chiyani?"

Ndinanyamula chiwaya m'makutu n'kuchiimika pa tebulo patsogolo pake, monga anachitira iye. "A Kamtedza, mwachiiwala ichi? Ndi cha a Lamu. Chija munandikwechetsa ndi njerwa pamsewu."

Ndinali nditadikira zaka zonsezo kuti ndidzaone nkhope yake ikugwa. Anayang'ana chiwaya, anayang'ana ine, akuyesetsa ndithu kukumbukira. Sankanamizira ayi, ndinamuona m'maso. Kenaka anaseka pang'ono.

"Aaa, mayi, nthawi imene ija tinachita zambiri. Ndingakumbukire chiwaya?"

Chimene ndinaphunzira pa ntchito yanga yoyamba n'chimenecho. Chinthu chimene anthu achisamala mibadwo iwiri, chitsiru chovala malaya ofiira chimachiwononga masana amodzi, madzulo n'kukagona tulo tabwino. Kukumbukira kumatsalira iwe amene unagwira njerwa. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimaiuza aliyense wolowa m'khitchini mwanga asanagwire chipande, afune asafune.

Kamtedza anapukuta pakamwa n'kufunsa ngati mpunga watsalako woti awonjezere. Unalipo wambiri pa lichero. Ndinamuuza kuti watha.