Chaka Chimene Ndinagwadira Kayla

Nyumba ya Mayi Doreen, nkhalamba yachizungu yoyandikana nafe ku North York, kutsidya kwa nyanja, inkamveka fungo la fumbi lotentha la pulojekita ndi makoko a malalanje oumira pa hita yotenthetsera m'nyumba. Ndinkakhala kumeneko ndikaweruka kusukulu, chifukwa amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba mpaka madzulo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, nditangochoka kumene ku Dedza, ndipo aka kanali koyamba kuona chipale chofewa.

Sabata yoyamba kusukulu ndinagwada popereka kope kwa aphunzitsi, monga ndinaleredwera. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mtsikana wina wamtali, dzina lake Kayla, anaisandutsa ntchito nkhani yogwadayi. Tsiku ndi tsiku ankandigwadira pakhonde, manja pachifuwa, anzake n'kumagubuduka ndi kuseka. Chingerezi chomuyankhira ndinalibe. Nditadandaula kunyumba, amayi anangoti, "Ungomuiginola, mwanawe. Kuno tinabwerera sukulu."

Mayi Doreen ankandionetsa pakhoma mafilimu a azakhali awo, Netti. Anali mafilimu akalekale opanda mawu, zithunzi zake zakuda ndi zoyera. Netti anabadwira ku Hamilton, mzinda wina wa m'dziko lomwelo, bambo ake ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo, ndipo iye anapita ku America kukachita zisudzo zoseketsa. Nthawi zonse ankasewera ngati wantchito wa m'nyumba wonyozedwa ndi adona. Sankamenya munthu. Ankangoona kumene adona akulowera, n'kugwada kumbuyo kwawo ngati akukolopa. Adona ankapunthwa, miyendo m'mwamba, Netti n'kuyang'ana kamera nkhope ili gwa.

"Taona mapazi akewo," ankatero Mayi Doreen akubweza filimu. "Sathamanga ayi. Amadikira."

Inenso ndinadikira, mpaka tsiku lina chipale chitayamba kusungunuka. Pakhomo la sukulu panali chithaphwi cha matope akuda osakanikira ndi mchere umene amathira m'msewu kuti chipale chisungunuke. Kayla ankayenda chafutambuyo atavala jekete yoyera yatsopano, akusimbira anzake za ine. Ndinatsika mwakachetechete kumbuyo kwake, maondo onse awiri pansi, msana utawerama, ndendende monga ndinkachitira popereka madzi kwa amalume. Anagwa chagada, khuvuu! Matope anam'lowa mpaka m'makutu. Omwe aja ankaseka ine anaseka iye, ndipo anaseka koposa. Aphunzitsi atafunsa, anawo ndi amene anandiikira kumbuyo, amvekere ameneyu amagwadagwada chomwechi, ndi mwambo wa kwawo. Kayla sanandigwadirenso.

Pa nthawiyo ndinkayesa kuti Netti anali wopambana moyo wake wonse. Ndinadzamva nditakula kuti mafilimu atayamba kulankhula, mabwana ake anati mawu ake ndi osasa, n'kumuchotsa ntchito. Anabwerera ku Hamilton, nasita zovala za anthu mpaka imfa yake. Za Kayla sindinamvepo chisoni mpaka lero. Chimene chimandiwawa n'chakuti mabwana aja anakalamba ali chiimire, popanda wowagwadira kumbuyo.