Munda wa Mayi Sarinten Unatsala Pamwamba

Kwathu kuno, kufupi ndi tauni ya Klaten, ukafunsa kuti munthu wouma mutu ndi uti, aliyense akulozera kwa Mayi Sarinten, ndipo ife timaloza monyadira. Anakulira m'matope a mpunga, anakwatiwa matopewo ali m'zikhadabo. Amuna awo pomwalira anawasiyira kamunda kamodzi kokha, koma ka dothi lakuda bii.

Kenako kunabwera oumba njerwa. Iwowa safuna munda ayi, amangogula dothi lake, n'kukumba mpaka dzenje limufike munthu m'chifuwa. Oyandikana nawo minda onse anavomera. Woyamba anali a Tukijan, mwamuna wa mng'ono wa Mayi Sarinten. A Tukijanwo anachita kumanga uvuni wawowawo pamunda umene bambo awo anawasiyira.

"Alamu, gulitsani dothili mupume," ankatero a Tukijan. "Msanawo mwaupinda mokwanira."

"Kodi kwanuko njerwa mumadyera ndiwo zanji?" ankayankha choncho Mayi Sarinten. Anakana kwamtuwagalu.

Patatha zaka ziwiri, kamundako kanatsala kokha pamwamba ngati tebulo, uku ndi uku maenje okhaokha. Nanga madzi amakwera mtunda? Ngalande yochokera kumtsinje inadukira m'maenjemo, madzi onse n'kumathera kopondera matope a njerwa. Mbande pa nazale, zomwe ankazithirira ndi ndowa, zinali zitakwana masiku makumi awiri. Kungopita sabata ina zisanawokeredwe, basi, chaka chimenecho mpunga kulibe. Munda uli gwa, ming'alu yolowa chala. Mayi Sarinten anakhala m'mphepete mwa mundawo tsiku lonse osadya, mtima ukuwawa zedi. A Tukijan podutsa m'munsimo ndi wilibala anafuula kuti, "Alamu, kumwambako mphepo ikuomba bwino?"

Koma pali mwambo umene amuna aja anauiwala. Kuno mayi amene wakuthandiza kuwokera ndi yemweyo amene amadzamweta mpungawo, ndipo pa madengu asanu ndi limodzi alionse, limodzi limakhala lake. Akazi a oumba njerwa analibenso kwina kowokera, ndipo anali atatopa ndi mpunga wa m'sitolo wonunkha thumba. Ndiye anabwera asanu ndi awiri, patsogolo pali mng'ono wa Mayi Sarinten uja, Ponikem, mkazi wa a Tukijan.

"Achemwali, chaka chino musatiiwale powokera."

"Muwokera pa chiyani, Ponikem iwe? Pa fumbi? Kawafunseni amuna anu kumene anaika madzi anga."

Zimene zinakambidwa m'nyumba za amayiwo usiku umenewo ife sitinamve, koma zotsatira zake tinaziona ndi maso. M'mawa mwake amuna asanu ndi awiri, nkhope zili ndwii, anali kalikiliki kudula nsungwi. Anazing'amba pakati, kugogoda mfundo zake, n'kuzilumikiza pamwamba pa mizati, kuyambira pomwe ngalande inadukira, kudutsa pamwamba pa maenje awo omwe. Mayi Sarinten akungoyendayenda ndi chipewa chawo chachikulu cha kumunda, pakamwa posapuma.

"Apo mwatsitsa kwambiri! Ha, a Tukijan, munthu woumba njerwa osadziwa chinthu chowongoka?"

A Tukijan anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ataona mkazi wawo ali chilili, manja m'chiuno, anangoweramira nsungwi. Masiku atatu athunthu m'mauvuni simunatuluke utsi, ndipo makasu okumbira dothi la njerwa ndi omwe anatipula munda wa mpunga.

Tsiku lachinayi dzuwa lili paliwombo madzi anatulukira kumapeto kwa nsungwi, poyamba timadontho, kenako khwaa! Amayi aja anaomba m'manja, ena n'kuthamangira kukazula mbande. Ngakhale ine amene sindilira wamba, misozi inalengeza.

Madzi atalowerera, a Tukijan anagwada pakona pa mundawo n'kutapa dothi lodzaza dzanja. Analifinya n'kulinunkhiza.

"La bambo anga linali lotere," anatero motsitsa mawu. "Lakuda chomwechi."

Mayi Sarinten anawayang'ana, ndipo chisoni chinawagwira ndithu, pakuti munthu wamkuluyo maso anali atafiira. Anawagwira paphewa pang'ono, kenako n'kuloza pansi.

"Pepani, alamu. Koma mukatha kununkhizako, mulibweze pomwe mwalitenga."