Tinsomba Tosaopa Dzanja la Masnah

Mlamu wanga Masnah, mkulu wake wa mkazi wanga, analera tiana ta nsomba zonga milamba zotchedwa patin mumtsinje wa Mahakam zaka makumi awiri ndi zinayi. Mwamuna wake atamwalira anatsala ndi makola anayi a ukonde oyandama kuseli kwa nyumba, basi.

Anthu ankachokera kutali kudzagula kwa iye chifukwa cha chinthu chimodzi. Wogula akafika, Masnah ankatunga tinsombato m'beseni n'kudutsitsa dzanja pamwamba. Tikangoona mthunzi, tonse balala! "Mwaona?" ankatero. "Kansomba kamantha ndiko kamakula. Kolimba mtima ndi ndiwo ya kakowa." Beseni likapanda kubalalika sankagulitsa, ngakhale umugwadire. Mbiri yake yonse inali padzanja limenelo.

Ine ndimayendetsa boti la injini, ndipo sankandipatsa mpata.

"Alamu, boti lanuli likutsokomola ngati nkhalamba yosuta fodya. Maliro ake ndi liti?"

"Tsiku limene mudzakwatiwenso," ndinkamuyankha choncho, tonse n'kuseka.

Lachiwiri lina m'mawa, ndikuthira dizilo, chigubu chinandipulumuka. Mafuta anayala pamadzi, mawangamawanga, akulowera kumakola ake. Ndinachita zimene a maboti tonse timachita kuno: ndinakhuthulirapo sopo wotsukira mbale, botolo lathunthu. Mafuta aja sanaonekenso. Mtima unakhala pansi, chitsiru ine! Sindinkadziwa kuti sopo sachotsa mafuta, amangowasungunulira m'madzi momwe nsomba zikupumamo. Sindinauze munthu.

Tinsomba tochepa tinafa, tambiri tinatsala. Lachisanu kunabwera bambo Asmuni, amene akhala akugula kwa iye kuyambira kale. Ine ndinali pomwepo, ndikunamizira kukonza chingwe. Masnah anatunga beseni, nadutsitsa dzanja. Zii. Anadutsitsanso. Tinsomba tinkangoyenda mwaulesi, kena uku kena uko, tina tikuzungulira pamwamba ngati zidakwa. Anamenya beseni ndi chala, koma palibe kanathawa.

"Ndi tamoyo ndithu, mayi," anatero bambo Asmuni. "Ndipatseni, dziwe ndakonza kale."

"Ayi, bambo. Mukangonenepetsa akakowa, kenako muzikanditukwana."

Anayesa makola onse anayi, onse chimodzimodzi. Bambo Asmuni anapita kukagula kutsidya, ndipo nkhani inawanda: kwa Masnah madzi aipa. Masnah anayambanso ndi tinsomba tatsopano, tamantha bwinobwino, koma wogula sanabwerenso. Lero amakazinga nthochi pakhomo pa sukulu. Ndikamuona atawerama pachiwaya, dzanja lija litapsa ndi mafuta, ndimayang'ana kumbali.

Tsiku limene tinkaphwasula makola ndinapita kukathandiza. Kakowa anatera pathabwa, pafupi penipeni, akutola tinsomba totsalira kamodzikamodzi ngati akutola mpunga. Masnah sanamuthamangitse. Ndinafuna kuulula, koma ndinangopitiriza kuzula matabwa.

Iye anapinda ukonde osandiyang'ana.

"Alamu, sopo uja anali wa fungo la ndimu, eti? Ndinamumva m'madzi tsiku lomwelo."

Ndinaika thabwa pansi, iye n'kupitiriza.

"Mukanangondikuwira, ndikanakokera makola kutsidya. Mafuta oyandama amaoneka, munthu amawathawa. Koma inu munawabisa."

Chiyambire tsiku limenelo sananyozeponso boti langa. Amandipatsa moni mwaulemu, ngati mlendo.